LOW: GULU LOIMBA MWA KAYENDEDWE KA BIRIMANKHWE

Acinyamata anzanga, ndiyambe ndi kukucenjezani. Ngati mufuna nyimbo zovina pa ukwati kapena zoliza m'basi paulendo wopita ku msonkhano wa acinyamata, tsegulani tsamba lina. Gulu limene ndifuna kukambapo lero, dzina lake Low, limaimba pang'onopang'ono kotero kuti pakati pa kugunda kumodzi kwa ng'oma ndi kwinako mukhoza kupuma mpweya kawiri. Ine ndayamba kulimvetsera posacedwapa, gululo litatha kale, ndipo ndadutsa m'zimbale zake zazikulu zonse 13. Zina ndazikonda kwambiri, zina zanditopetsa, ndipo cimodzi candiopsa. Ndifuna kukuonetsani njira, kuti amene afune kuyesa asalowere pa khomo lolakwika ndi kubwerera pomwepo.

Gululi linayamba m'caka ca 1993 mu mzinda wa Duluth, m'cigawo ca Minnesota ku America, m'mphepete mwa nyanja yaikulu ya Lake Superior. Ndi malo ozizira koopsa, kumene cipale cimakuta misewu kwa miyezi ingapo pa caka. Mizati ya gululi inali iwiri, mwamuna ndi mkazi wake: a Alan Sparhawk oliza gitala, ndi a Mimi Parker oomba ng'oma. Awiriwa anadziwana ali ana a sukulu ya pulaimale kumidzi ya ku Minnesota komweko. Munthu wacitatu anali woliza bezi gitala, ndipo pa mpando umenewu panadutsa anthu angapo. Woyamba anali John Nichols, koma amene anakhalitsa m'zaka zoyambirira ndi Zak Sally, kucokera 1994 mpaka 2005.

Nyimbo zao zimaikidwa m'gulu la indie rock. Liu lakuti indie licokera ku liu la Cingerezi lotanthauza kudziimira pawekha. Amanena magulu amene amatulutsa zimbale zao kudzera m'makampani ang'onoang'ono, kumene ndalama ndi zocepa koma palibe bwana wokuuza kuti fupikitsa nyimbo iyi kuti ilowe pa wailesi. Pa nthawi imene Low imayamba, acinyamata a ku America anali atapenga ndi phokoso la magulu monga Nirvana: magitala olira ngati cigayo, oimba okuwa mpaka kusasa mau. A Alan ndi anzao anasankha kucita zosemphana. Anati tiyeni tione zimene zingacitike tikaimba motsitsa ndi mocedwa pamaso pa anthu obwerera phokoso. Ndipo anthu akayamba kuceza m'malo oimbiramo osasamala za oimba, iwo sanali kukweza zokuzira mau ai. Anali kuzitsitsa. Aphunzitsi ena a Sande Sukulu amaidziwa nzeru imeneyi: ana akasokosa, yamba kunong'ona.

Ng'oma za a Mimi ndi zoti muzione m'maganizo. Oomba ng'oma a magulu a rock amakhala pansi atazunguliridwa ndi ng'oma zisanu kapena zoposa. Iwo anali kuimirira, patsogolo pao pali kang'oma kamodzi kapena tiwiri ndi mbale imodzi ya mkuwa, ndipo kawirikawiri m'malo mwa timitengo anali kugwiritsa nchito timatsace ta waya tongosesa pamwamba pa ng'oma. Basi.

Cimbale cao coyamba ndi I Could Live in Hope ca 1994. Ciri ndi nyimbo 11, ndipo iliyonse dzina lake ndi liu limodzi cabe. Gitala imalira ngati ikulizidwa m'holo yaikulu yopanda anthu, bezi imayenda ngati munthu wosenza mtolo wa nkhuni, ndipo mau oimbidwa ndi owerengeka. Mu nyimbo ya “Lullaby”, yotalika pafupifupi mphindi 10, kuimba kumatha msanga, kenaka gitala imatsala yokha kukwera phiri pang'onopang'ono. Anthu ambiri amati ici ndico cimbale coyenera kuyambira. Ine ndikana. Ndi cokoma ndithu, koma cimafuna khutu lozolowera kale, ndipo munthu wobwera kumene angaganize kuti nyimbo zonse 11 ndi imodzi yomweyo. Long Division ca 1995 ndi couma kuposa pamenepo. The Curtain Hits the Cast ca 1996 ciri ndi “Over the Ocean”, imodzi mwa nyimbo zao zokongola kwambiri, komanso ciri ndi “Do You Know How to Waltz?” imene imapitirira mphindi 14, mbali yaikulu kungokhala kulira kumodzi kwa gitala kokulirakulira. Zitatuzi zisungeni. Mudzazipeza pobwerera.

Inu loweranini pa khomo la Khrisimasi. M'caka ca 1999 gululi linatulutsa kacimbale ka nyimbo 8 kochedwa Christmas, ndipo ndiko kanawadziwitsa kwa anthu ambiri, makamaka kampani ya zovala ya Gap itagwiritsa nchito “Little Drummer Boy” yao potsatsa malonda pa wailesi ya kanema. Ubwino woyambira pano ndi wakuti nkhani yake mukuidziwa kale, ndipo “Silent Night” mwakhala mukuiimba kuyambira ubwana. Motero khutu lanu silitanganidwa ndi kufunsa kuti akunena ciani, limangomva mmene akuimbira. Koma musayembekezere Khrisimasi ya mpunga ndi nkhuku. “Long Way Around the Sea” imatsatira anzeru a kum'mawa aja pobwerera kwao modzera njira ina kuthawa Herode, ndipo mumamva kutopa kwa ulendowo m'mapazi mwanu. “If You Were Born Today” imalankhula kwa Yesu mwini, ndipo ganizo lake ndi lakuti akanabadwa masiku ano, anthu a lero tikanamupha asanakule n'komwe. Si nyimbo yoimba pogawana mphatso. Koma mtsogoleri wa gulu amene akusowa poyambira kukambirana m'nyengo ya Khrisimasi, apa pali nkhani ya madzulo onse.

Apa ndiime pang'ono pa za mau a anthu awiriwa, pakuti ndiwo cuma ca gululi, ndipo inu a m'kwaya ndinu mungamvetse msanga. Mukudziwa kuti kolasi yothamanga imabisa zambiri. Wina akaphonya, kuomba m'manja ndi kuvina zimamukwirira, ndipo pofika kumapeto aliyense waiwala. Koma nyimbo yocedwa ndi mboni yosalandira ciphuphu. Liu limodzi likagwiridwa nthawi yaitali, aliyense amamva ngati latsetsereka, amamva amene mpweya wamuthera, amamva amene walowa mocedwa. A Alan ndi a Mimi anakhala zaka pafupifupi 30 akuimba pamalo oonekera otere. Mau a a Mimi ndi oongoka, osakometsera, ongonjenjemera pang'ono kumapeto kwa liu lalitali. Sathamangira pamwamba kuti muwaombere m'manja. Mau a a Alan ndi opyapyala, nthawi zina ngati a munthu amene wagona ndi nkhawa. Paokha ndi mau wamba. Koma akakumana, amayamba liu pamodzi, kupuma pamodzi, ndi kulitula pamodzi, mwakuti nthawi zina simudziwa kuti wapamwamba ndani ndipo wapansi ndani. Pena amayandikizitsa mau awiriwo mpaka kukhulana pang'ono, kenaka n'kuwamasula, ndipo mumamva phewa lanu likutsika. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Okonza kwaya, yesani tsiku lina kuimbitsa anthu awiri okha vesi imodzi ya nyimbo ya m'buku pa theka la liwiro lake, popanda ng'oma kapena kiyibodi, muone zimene zituluke.

Mukacoka pa Khrisimasi, pitani ku Things We Lost in the Fire ca 2001. Kwa ine ici ndico cimbale cao copambana, ndipo munthu wofuna cimodzi cabe atenge cimeneci. Anacijambula ndi Steve Albini, katswiri wa ku Chicago amene anajambulanso In Utero ca Nirvana, ndipo ndiyenso anagwira nao nchito pa Secret Name ca 1999. Albini anali wochuka ndi kusakonda zodzoladzola: amaika maikolofoni pamalo oyenera ndi kujambula gulu monga mmene likumvekera m'cipindamo. Ndi cifukwa cake ng'oma ya a Mimi pano imamveka ngati ili pafupi ndi bondo lanu. Kucedwa kuja kulipobe, koma tsopano nyimbo ziri ndi mnofu. Muli mavayolini, muli malipenga apa ndi apo, ndipo muli makolasi amene mungadzipeze mukung'ung'udza pocapa. Nyimbo yoyamba, “Sunflower”, imakoma ngati ya cikondi, pamene nkhani yake ikuyamba ndi kupezeka kwa mtembo. Cizolowezi cimeneci ca kukulunga nkhani yowawa m'mau otsekemera mudzacipeza paliponse m'nyimbo zao. “Dinosaur Act” imabwera ndi gitala yolemera, kukukumbutsani kuti anthuwa phokoso amalidziwa, angolimanga pa cingwe. “Laser Beam” ndi a Mimi pafupifupi okha ndi gitala, mphindi zitatu zosakwana, ndipo palibe cowonjezera cimene cikanafunika.

Koma nyimbo imene yandigwira mtima ndi yomaliza, “In Metal”. Pa nthawiyo banjali linali litangolandira mwana wao woyamba. Nyimbo zambiri za makolo zimangoyamika mwana. Iyi imanena cinthu cimene amai ambiri amacimva koma sacichula: kulakalaka kuti mwanayo asakule, akhale wamng'ono comweco, asungike monga mmene anthu a kumeneko amakutira tinsapato ta khanda ndi citsulo kuti tisaonongeke. Muli cikondi, mulinso mantha, ndipo woimbayo akudziwa kuti cimene akufunaco n'cosatheka. Funsani amai anu ngati sanamvepo motero tsiku limene munanyamula cola kupita ku sukulu yogonera komweko.

Mwina wina wayamba kale kufunsa kuti kodi anthuwa ndi opemphera? A Alan ndi a Mimi anali a chalichi ca Latter-day Saints, cimene ambiri amacidziwa ndi dzina lakuti Mormon, ndipo ziphunzitso zake zimasiyana ndi za mipingo yathu m'zinthu zikuluzikulu. Sanabise cikhulupiriro cao, koma Low silinali gulu la nyimbo za uzimu, ndipo simudzamva akukuitanirani ku mpingo wao. Cimene mudzamva ndi anthu amene Baibulo liri m'magazi mwao, akulimbana ndi Mulungu mokweza monga Yobu kapena wolemba Masalmo, osati monga kolasi ya pa nthawi ya copereka. Cimbale ca Trust ca 2002 anacijambulira mu Sacred Heart, nyumba imene kale inali chalichi ca Katolika ku Duluth, ndipo mumamva kutalika kwa denga lake m'kulira kwa ng'oma. Ndi cimbale ca mdima, cotalika kuposa muyeso, ndipo pakati pake cimandilemera. Komabe nyimbo zake zitatu kapena zinai zoyamba ndi zamphamvu.

M'caka ca 2005 anatulutsa cimbale cao coyamba pa kampani ya Sub Pop, yomwe ija inatulutsa cimbale coyamba ca Nirvana, ndipo anamasula cingwe cija. The Great Destroyer ndi cimbale ca phokoso, cothamanga, ca magitala okhadzula. Okonda gululi akale ena anadandaula kuti agulitsidwa. Kwa ife amene tinamvako mmene gitala ya malemu Paul Ngozi inali kulirira, kulira kotere si kwacilendo, ndipo mwina ena a inu cimbale ici ndico mudzacikonde msanga. Mvetserani “When I Go Deaf”: imayamba ndi munthu mmodzi ndi gitala youma, akuganizira za mpumulo umene adzapeza tsiku limene makutu ake adzagonthe, kenaka mwadzidzidzi phokoso limagwa ngati khoma. Robert Plant wa gulu lakale la Led Zeppelin anatenga nyimbo ziwiri za m'cimbale cimeneci, “Monkey” ndi “Silver Rider”, n'kuziimbanso m'caka ca 2010. Caka comweco ca 2005, gululi linaimitsa ulendo wake wokaimba m'mizinda, ndipo a Alan analembera poyera okonda nyimbo zao kuti akudwala matenda a maganizo ndipo afunika cithandizo. Mwamuna wochuka kunena zotere pagulu, m'zaka zimenezo, sizinali zofala. Ngakhale kwathu kuno mpaka lero ambiri timangoti “ndiri bwino” uku tikumira.

Cimbale cimene candiopsa ndi Drums and Guns ca 2007, cotuluka nkhondo ya ku Iraq ili mkati. Magitala acepa, m'malo mwake muli timakina togunda mouma, ndipo mau a oimba anawakankhira mbali imodzi, mwakuti mukavala zomvera za m'makutu mumayamba kuganiza kuti mbali inayo yafa. Pafupi ndi mapeto pali nyimbo yochedwa “Murderer”. Ndi pemphero. Munthu akulankhula ndi Mulungu modzicepetsa, kudzipereka kuti ngati pafunika wina wopha anthu m'dzina lake, iye alipo. Ndikupemphani kuti nyimbo iyi musaimvere mwacibwana, ndipo musaipatse ana a Sande Sukulu. Woimbayo sakuvomereza kupha. Wavala nkhope ya munthu wotereyo kuti timve mmene kudzipereka kwa cipembedzo kumamvekera kukapotoka, ndipo coopsa cake n'cakuti kumamveka mofatsa, mwaulemu, ndi mau omwewo amene ife timagwiritsa nchito popemphera. A Mimi akalowa ndi mau ao okoma aja kumuthandiza, tsitsi limaima. Ndi nyimbo yoyenera acinyamata okhwima, pamodzi ndi mtsogoleri, Baibulo lotsegula pa nkhani ya Saulo akupita ku Damasiko ndi makalata m'manja.

Zimbale za C'mon ca 2011 ndi The Invisible Way ca 2013 sindikhalitsapo. Ndi zaudongo, zofewa, ndipo caciwirico, cimene anacikonza ndi Jeff Tweedy wa gulu la Wilco, cimapatsa a Mimi mpata wotsogolera nyimbo zambiri kuposa kale. Koma zimamveka ngati anthu odziwa nchito yao akuibwereza. Cosangalatsa ca nyengo imeneyi cinacitika pa bwalo, osati m'situdiyo. Mu June 2013, pa cikondwerero ca Rock the Garden ku Minneapolis, anthu zikwi atasonkhana kuyembekeza nyimbo zodziwika, gululi linaimba nyimbo imodzi yokha, “Do You Know How to Waltz?” ija, kuikoka mpaka mphindi 27, ndipo pomaliza a Alan ananena mau ocepa otsutsa ndege zankhondo zopanda woyendetsa. Ambiri anakwiya. Kunena zoona, ndikanakhala kuti ndalipira tikiti, kaya ndikanaseka kaya ndikanakwiya nao.

Magulu ambiri akafika zaka 20 amayamba kudya za m'nkhokwe. Awa anagwetsa nkhokwe n'kumanga ina. Kuyambira pa Ones and Sixes ca 2015 anayamba kugwira nchito ndi BJ Burton, katswiri wosakaniza mau pa kompyuta, ndipo zipatso zake zenizeni zinaoneka pa Double Negative ca 2018. Mukaciyatsa koyamba mudzayang'ana foni yanu kuona ngati yaonongeka. Nyimbo yoyamba, “Quorum”, imamveka ngati wailesi imene mabatire akutha usiku wa mphepo: kulira, kuduka, kubwerera, ndipo pansi pa zonsezo mau awiri aja akuyesa kutuluka. Si ngozi ai. Anajambula nyimbo bwinobwino, kenaka n'kuziphwanya dala. Cimbaleci cinapangidwa m'zaka za mikangano yaikulu ya ndale ku America Donald Trump atasankhidwa mu 2016, ndipo cimamveka ngati dziko limene anthu akulankhula koma sakumvana. Ndi covuta, ndipo sindikulonjezani kuti mudzacikonda. Koma nyimbo ya “Fly” ikafika, mau a a Mimi n'kutuluka oyera pakati pa utsi wonsewo, mudzamvetsa cifukwa cake anakuyendetsani m'minga poyamba.

Za kamvedwe: nyimbo izi sizigwirizana ndi kasipika ka foni. Bezi imasowa, ndipo theka la nyimbo limapita nayo. Bwerekani zomvera za m'makutu, sankhani nthawi imene m'nyumba mwakhala bata, ndipo mverani cimbale cimodzi conse osadumpha. Dongosolo langa ndi ili: Christmas, kenaka Things We Lost in the Fire, kenaka The Great Destroyer. Mukafika apo muli nao cidwi, bwererani ku 1994, ndipo Double Negative mucisiyire kumapeto pamodzi ndi cinzake cotsiriza.

Cotsirizaco ndi HEY WHAT ca September 2021. Apa gululi linali litatsala anthu awiri okha, mwamuna ndi mkazi wake. Phokoso lophwanyika lija lilipobe, mwina loposa, koma tsopano mau a oimba ali patsogolo, okwera, osabisika. “Days Like These” imayamba ndi mau awiri okha popanda coimbira ciriconse, monga anthu awiri oyambitsa nyimbo pa maliro ena onse asanalowe. Vesi yaciwiri ikabwera, mau omwewo amang'ambika ndi magetsi ngati sipika yaphulika, koma nyimbo yake siisintha, ndipo awiriwo sasiyana ngakhale pang'ono. Zimene omvera ambiri sanadziwe pa nthawiyo n'zakuti a Mimi anali atapezeka ndi khansa ya m'ziwalo zosunga mazira kumapeto kwa 2020. M'caka ca 2022 gululi linalephera kukaimba m'malo ambiri kaamba ka matendawo, ndipo pa 5 November 2022 a Mimi anamwalira ali ndi zaka 55, kusiya mwamuna ndi ana awiri. A Alan ananena kuti popanda iwo Low yatha. Apitiriza kuimba paokha, ndipo mu 2024 anatulutsa cimbale cochedwa White Roses, My God, mmene mau ao anawapotoza ndi makina mpaka osazindikirika.

Pa HEY WHAT ng'oma sizimveka kwenikweni m'nyimbo zambiri. Zimadzatulukira bwino mu nyimbo yomaliza, “The Price You Pay”, imene imatenga mphindi 7 ndipo imakula pang'onopang'ono mpaka kugunda kwake kudzaza mutu wonse. Ndiyo nyimbo yotseka cimbale ca nambala 13.